Kale tinkadikira Khirisimasi kuti timwe Fanta

Amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikudziwa kuti chakumwa cha m'botolo chinali ndi masiku ake. Chinkabwera pa Khirisimasi, limodzi ndi mpunga wa nkhuku ndi malaya atsopano. Chinkabwera pa ukwati, kapena tsiku limene amalume atsika basi kuchokera ku Joni atanyamula sutikesi ndi wailesi. Chinkabweranso munthu akagonekedwa m'chipatala, pakuti wokazonda matenda ankaona ngati wapita chimanjamanja akapanda kutenga botolo la Fanta ndi sikono. Masiku ena onse a chaka, ludzu tinkalipha ndi madzi a mumtsuko ndi thobwa.

Pa golosale ya kwathu panali filiji ya parafini, ndipo opena ankaimangirira ku kauntala ndi chingwe kuti isasowe. Botolo sunkachoka nalo. Unkamwera pomwepo utatsamira khoma, mwini golosale akukuyang'ana, chifukwa botolo lopanda kanthulo linali ndalama: galimoto ya Southern Bottlers ikabwera, inkasiya makireti odzaza molingana ndi mabotolo amene yatenga. Tikapatsidwa botolo limodzi ana atatu, wamkulu ankaika chala chake pagalasi n'kunena kuti, "Ukafika apa usiye." Tinkamwa pang'onopang'ono, mpweya uja ukutilasa m'mphuno, misozi ili lengelenge, kenako n'kuthamangira kwa anzathu kukawaonetsa lilime lili psuu. Chitsekerero sitinkataya, chinkakhala tayala la galimoto ya katoni. Cocopina ndi Cherry Plum tinkazitchula mayina ngati abale athu okhala kutali. Sobo ndiye anali wa banja lonse. Amayi ankathira pang'ono m'jagi, madzi ochuluka pamwamba, mpaka mtundu wake utatsala pang'ono kuzimirira, ndipo botolo limodzi linkakwanira alendo onse a tsiku la ubatizo.

Chakumwa chenicheni cha pakhomo chinali thobwa, ndipo ntchito yake inkayamba kudakali masiku angapo. Agogo ankaviika mawere kapena chimanga m'madzi, n'kuvundikira ndi chiguduli chonyowa mpaka mbewu zitamera timizu toyera. Akatero ankayanika padzuwa, n'kusinja. Chimenecho ndiye chimera. Tsiku lophika ankatereka mbiya yaikulu ya phala la mgaiwa, akaphula n'kulisiya kuti lipoleko mpaka chala chitha kupirira, kenako n'kuwaza chimera chija uku akutakasa ndi mthiko. Ife ana tinkaima pambali kudikira chodabwitsa chimene sichinkatitopetsa: phala lolimba lija linkasungunuka tikuona, n'kukhala lamadzimadzi, fungo lake n'kusintha. Agogo ankaliwiritsanso, n'kulivundikira kuti ligone. Mawa lake linali litatsekemera, pamene shuga sanathiremo ngakhale supuni imodzi. Kutsekemerako kunkachokera m'chimera, chimene chimaswa ufa n'kuusandutsa shuga pang'onopang'ono, ndipo likagonanso tsiku lina linkayamba kuwawasa bwinobwino.

Thobwa si madzi, ndi chakudya, ndipo mphamvu zili momo zambiri. Koma taonani amene ankamwa. Linkapita kumunda pamutu pa mwana, n'kukapeza anthu atalima mizere kuyambira m'bandakucha. Linkaphikidwa pa dima, pa chinamwali, pomanga nyumba, pa maliro. Munthu akamwa chipanda chimodzi ankakhuta, n'kubwerera kukagwira khasu, ndipo pofika madzulo zonse zija zinali zitatuluka ndi thukuta.

Zotsekemera zina zinkabwera ndi nyengo yake, ndipo zinkafuna kuzivutikira. Nzimbe ndi misale unkachita kusenda ndi mano. Masuku unkachita kukatola kuthengo, malambe kugenda, uchi kukafula usiku njuchi zikukuluma. Mango akatha ndiye kuti atha mpaka chaka chamawa. Shuga wa m'paketi analipo, pakuti fakitale ya ku Nchalo inayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1960 ndipo ya ku Dwangwa inatsatira chakumapeto kwa ma 1970, koma pakhomo pa munthu wamba ankakhala m'kabati yokhoma, makiyi ali pa mpango wa amayi. Tiyi anali wa Lamulungu ndi alendo.

Nthawi imeneyo inali ndi zowawa zake, ndipo sindiziiwala. Mwezi wa February nkhokwe zinkakhala zitapepuka, ana ena ankatupa miyendo ndi masaya chifukwa cha kusowa zakudya, ndipo madzi a pachitsime chosasamalika anatenga ana ambiri ndi matenda otsegula m'mimba. N'chifukwa chake kunenepa kunali ulemu. Mkazi akabwera kudzaona makolo, azimayi ankamulonjera kuti, "Mwanenepatu, akukusungani bwino kumeneko." Bambo wa mimba yotsogola ankatchedwa bwana ngakhale asanatulutse khobidi. Kenako panabwera zaka zowawa za m'ma 1990, pamene kaliwondewonde ankalowa nyumba ndi nyumba. Munthu akangotsika thupi pang'ono, anthu ankayamba kunong'onezana, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, titaika kale m'manda abale ochuluka. M'dziko lotere, ndani akanagula chakumwa chomulonjeza kuti aonda?

Lero zinthu zatembenuka, ndipo zatembenuka tikuona. Botolo la pulasitiki silifuna kubweza, choncho chakumwa chinachoka pa kauntala n'kuyamba kutitsatira kulikonse. Minibasi ikangoima pa Zalewa kapena pa Tsangano, mabotolo ali kale pawindo. Zakumwa zotsika mtengo, monga Frozy wochokera ku Mozambique, zinafika mpaka pa okala ya kumudzi. Anyamata a kabaza ndi oyendetsa mathiraki amadalira zija amati zopatsa mphamvu. Pamsonkhano wa ku ofesi botolo limabwera 10 koloko, lina pa nkhomaliro, lina 3 koloko. Mwana wa sukulu ya mkaka amapita ndi kabotolo kake m'chikwama tsiku lililonse, ndipo akapatsidwa madzi amalira. Chija tinkagawana atatu kamodzi pachaka, lero munthu mmodzi akumwa yekha kawiri dzuwa lisanalowe.

Shuga amene ali m'menemo ndi wochuluka kuposa mmene lilime limatiuzira, chifukwa kuzizira, mpweya ndi asidi zimabisa kutsekemera. Coca-Cola wamba, monga amapangidwira m'mayiko ambiri, amakhala ndi magalamu 10.6 a shuga pa mamililita 100 alionse. Ndiye kuti botolo la galasi la mamililita 300 lili ndi masupuni aang'ono pafupifupi 8, ndipo la pulasitiki la mamililita 500 lili ndi masupuni pafupifupi 13. Palibe mayi amene angathire masupuni 13 m'kapu ya mwana wake iye akuona. Mu 2015, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amadya patsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni 12, ndipo linati kutsika mpaka masupuni 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi lalikulu ladutsa kale malire, tiyi wam'mawa tisanamuwerengere. Choipa china n'chakuti shuga wakumwa sakhutitsa. Ukamwa, nsima umadya mitanda yomwe ija.

Zotsatira zake zili m'mabuku a kuchipatala. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 5 pa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Ambiri sankadziwa n'komwe, paja chakudza sichiimba ng'oma. Pakati pa 2013 ndi 2016, bungwe la MEIRU linayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Linapeza kuti amayi 44 pa 100 alionse a m'tauni anali olemera kupitirira muyezo, pamene kumudzi anali 27. Abambo anali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Sindikuti zonsezi zabwera ndi botolo lokha. Mafuta ophikira achuluka, mchere wachuluka, mgaiwa tinausiya n'kukonda ufa woyera mbee, ndipo ulendo umene tinkayenda wapansi lero timakwera njinga yamoto. Koma botolo lili m'gulumo, ndipo ndi limene munthu angathe kulichotsa mosavuta kuposa zinazo.

Apa ndi pamene palowera chakumwa chopanda shuga, chija timangoti Zero kapena dayeti. M'masitolo aakulu a m'tauni chili ndi malo ake mufiliji, ndipo pa maukwati a masiku ano operekera zakumwa amafunsa kuti, "Bwana, ya shuga kapena yopanda?"

Chinthuchi chinabadwira ku America, ndipo chinayamba ngati chakumwa cha odwala. Mu 1952, Hyman Kirsch wa ku Brooklyn mumzinda wa New York anapanga chakumwa chotchedwa No-Cal poganizira odwala matenda a shuga a pachipatala china cha kumeneko. Amalonda ataona kuti anthu ofuna kuchepetsa thupi ndi ochuluka kuposa odwalawo, anatembenukira kwa iwo: Tab anatuluka mu 1963, Diet Pepsi mu 1964, Diet Coke mu 1982, ndipo Coca-Cola Zero mu 2005. Chimene chimatsekemeretsa zakumwazi ndi timankhwala tamphamvu kwambiri. Kakale kuposa tonse ndi saccharin, kamene Constantin Fahlberg anakatulukira mu 1879 pa yunivesite ya Johns Hopkins. Kodziwika kwambiri ndi aspartame, kamene James Schlatter anakapeza mwangozi mu 1965 akufufuza mankhwala a zilonda za m'mimba: ananyambita chala kuti atole pepala, n'kumva kutsekemera. Aspartame amatsekemera pafupifupi ka 200 kuposa shuga, choncho kachidutswa kosakwana theka la galamu kamakwanira botolo lonse. Lilime limamva tseketseke, koma thupi sililandira mphamvu yoti n'kuiwerengera. Pali ena monga sucralose, acesulfame K ndi stevia, ndipo kawirikawiri amawasakaniza.

Funso limene anthu amandifunsa tikakhala pamphasa kapena pa benchi ya kutchalitchi ndi lomweli: kodi zimaondetsadi? Ena amalumbira kuti zinawathandiza. Ena amati anamva kuti zimanenepetsa kuposa za shuga. Onsewa ali ndi pogwira, chifukwa kafukufuku wa nkhaniyi ali mitundu iwiri, ndipo mitunduyi simanena zofanana.

Mtundu woyamba ndi wongotsatira anthu kwa zaka zambiri, kuwafunsa zimene amamwa, n'kuona zimene zawachitikira. Kafukufuku wotere ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, amene anafalitsidwa mu 2008, anapeza kuti omwa zakumwa zopanda shuga ndi amene ankanenepa kwambiri. Wina wa ku France wotchedwa NutriNet-Santé, wa anthu oposa 100,000, anasonyeza mu 2022 kuti odya timankhwala totsekemeretsati kwambiri ankadwalako mtima ndi sitiroko kuposa osadya. Izi si nkhani zoseweretsa. Komabe pali chinthu chofunika kuchikumbukira: ndani amayamba kumwa Zero? Kawirikawiri ndi munthu amene waona kale kuti lamba wayamba kuthina, kapena amene adokotala amuuza kuti shuga wake wakwera. Ukaona ndodo m'manja mwa anthu otsimphina, sunganene kuti ndodoyo ndiyo yawatsimphinitsa. Akatswiri amayesetsa kuchotsera zimenezi powerengera, koma sizichoka zonse.

Mtundu wachiwiri ndi wogawa anthu m'magulu mwa maere, gulu lina kulipatsa ichi, lina icho. Umenewu ndi umene umatha kuloza chimene chayambitsa chinzake. Ku Netherlands anatenga ana a sukulu 641, ozolowera kale zakumwa zotsekemera, n'kumawapatsa kachitini kamodzi patsiku kwa miyezi 18, ena ka shuga, ena kopanda shuga, popanda mwana kapena kholo kudziwa kuti ndi kati. Zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Ana onse anakula ndi kulemera, monga ana amachitira, koma a shuga anawonjezera makilogalamu 7.37 pamene enawo anawonjezera 6.35. Kusiyana kwa kilogalamu imodzi, chifukwa cha kachitini kamodzi patsiku. Ku yunivesite ya Liverpool ku Britain, akuluakulu 493 amene anali pa ndondomeko yochepetsa thupi anagawidwa pawiri, ena azimwa madzi, ena zakumwa zopanda shuga. Patatha chaka, amadzi anatsika makilogalamu 6.1 ndipo enawo 7.5. Kafukufuku ameneyu, wofalitsidwa mu 2023, ndalama zake zinachokera ku bungwe la makampani a zakumwa ku America, ndipo n'chifukwa chake ine ndimamuwerenga ndi maso awiri. Ndimazindikiranso kuti magulu onse awiriwo anatsika kwambiri chifukwa cha ndondomeko ija ya kadyedwe ndi kulimbitsa thupi; chakumwa chinangowonjezerapo pang'ono.

Mmene ndikuonera ine, nkhaniyi yagona pa funso lakuti botolo lopanda shugalo lalowa m'malo mwa chiyani. Ngati lalowa m'malo mwa botolo la shuga limene munthu ankamwa tsiku ndi tsiku, wapindula, pakuti wachotsa masupuni 8 kapena 13 patsiku, ndipo zimenezo si zochepa. Ngati lalowa m'malo mwa madzi, palibe chimene wapindula, wangowononga ndalama. Ndipo palokha silisungunula mafuta a munthu ayi. Mulibe mankhwala oondetsa m'menemo, mwangosowa shuga basi.

Pa chiwaya china m'tauni ndinaimapo pafupi ndi bambo wina wovala tayi. Anaitanitsa tchipisi chodzaza mbale, nkhuku yokazinga ndi soseji, n'kuuza mnyamata wogulitsayo kuti, "Aise, undithamangire Zero pa shopu apo, adokotala anandiletsa shuga." Ananena moona mtima, ndipo ndinamumvera chisoni, chifukwa anali akuyesetsa kumvera malangizo monga anawamvera. Koma mafuta a m'mbale ija anali ndi mphamvu zoposa kutalitali shuga amene anamuthawa. Ambiri timachita zomwezo m'njira zina. Mtima umati, poti ndamwa yopanda shuga, mtanda wachitatu wa nsima ulibe vuto. M'mawa tiyi timathira masupuni anayi, ndi mandasi awiri pambali, koma shuga timangomuona m'botolo mokha. Pamenepa ndi pamene phindu lija limathera, ndipo sikelo ya kuchipatala imaloza pomwe paja.

Nanga za thanzi lonse? Mu May 2023, WHO inalangiza kuti anthu asadalire timankhwala totsekemeretsati ngati njira yochepetsera thupi kapena yopewera matenda, ponena kuti phindu lake la nthawi yaitali silikuoneka, komanso kuti kafukufuku wotsatira anthu uja akulozera ku matenda a shuga ndi a mtima. Bungweli linavomereza lokha kuti umboni wake si wolimba kwenikweni, ndipo linanena momveka kuti langizolo silikukhudza anthu amene ali kale ndi matenda a shuga. Mfundo yake yaikulu inali yakuti anthu achepetse kukonda zotsekemera kuyambira ali ana, ndipo pamenepo ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse.

Patangopita miyezi iwiri, mu July 2023, mafoni athu anadzaza ndi uthenga wa pa WhatsApp wakuti Zero imayambitsa khansa. Chimene chinachitika n'chakuti nthambi ya WHO yofufuza za khansa, ya IARC, inaika aspartame m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Fodya ndi mowa zili m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika. Tsiku lomwelo, komiti ina ya akatswiri a WHO ndi a bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO inati muyezo wakale sukusintha: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Munthu wolemera makilogalamu 70 angaudutse muyezowo pokhapokha atamwa zitini zoposa 9 mpaka 14 tsiku lililonse. Zinandiwawa kumva anthu ena odwala shuga akuti abwerera ku zakumwa za shuga chifukwa cha uthenga umenewo, kuthawa choopsa chokayikitsa n'kugwera m'choopsa chodziwika.

Pali zina zimene akatswiri akuzifufuzabe. Ku Weizmann Institute m'dziko la Israel anaonetsa mu 2014 kuti saccharin amasintha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwa mbewa, ndipo mu 2022 anayesa anthu 120 n'kupeza kuti saccharin ndi sucralose zinasokoneza mmene matupi a ena amayendetsera shuga m'magazi. Anali kafukufuku wa milungu iwiri yokha, koma akutikumbutsa kuti timankhwalati sitingodutsa m'thupi ngati madzi. Za mano ndiye n'zodziwika kale. Shuga kulibe, inde, koma asidi amene amapatsa zakumwazi kukoma kolasa kuja alimo, ndipo amadya chikuto cha dzino pang'onopang'ono, makamaka kwa munthu womwa mopsontha tsiku lonse. Za mtundu wa kola zambiri zili ndi caffeine, amene amasowetsa tulo ena. Ndipo pali anthu ochepa obadwa ndi vuto lotchedwa phenylketonuria amene sayenera kulawa aspartame n'komwe, n'chifukwa chake pabotolo pamalembedwa chenjezo la phenylalanine.

Azakhali anga, amene akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri, anandifunsa tsiku lina tili pa ukwati kuti, "Mwanawe, iwe wowerengawe, zakudazi ndingamwe, kapena akungotinamiza?" Ndinawayankha kuti, "Azakhali, mutha kumwa, sizikweza shuga wanu ngati zinazo. Koma musazisandutse madzi." Kenako ndinawauza chinthu china chimene ndikufuna aliyense wosamalira wodwala shuga achidziwe. Munthu wobaya insulin kapena womwa mapiritsi ena a shuga, nthawi zina shuga wake amatsika kwambiri: amanjenjemera, thukuta kamukamu, mutu kuzungulira, kulankhula zosamveka. Pamenepo Zero sithandiza chilichonse. Akufunika shuga weniweni msangamsanga, kaya masupuni atatu osungunula m'madzi, kaya theka la botolo la Fanta wamba, malinga akutha kumeza, kenako chakudya. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.

Mwambo uja wotengera wodwala chakumwa cha m'botolo nawonso ufunika kuuonanso. Unachokera m'chikondi, koma mwana wotsegula m'mimba sathandizidwa ndi chakumwa cha shuga, chimene chingawonjezere kutsegulako, ngakhalenso chopanda shuga, chimene mulibe mchere ndi shuga woyezedwa bwino zimene thupi lake likufuna. Amafunika Thanzi ORS, ndi kupitiriza kuyamwa kapena kudya phala.

Za ana ndi zimene zimandisowetsa mtendere kuposa zonse. Dziko lathu lasenza mitolo iwiri nthawi imodzi. Pamene amayi a m'tauni akulimbana ndi kunenepa, kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwana wotere sakufunika chakumwa chopanda kanthu, sakufunikanso madzi a shuga opaka mtundu. Ndalama ya botolo limodzi ikanagula dzira, mkaka pang'ono kapena nsinjiro zothira m'phala. Ndipo mwana amene wakula akumva tseketseke pa chilichonse, kaya wa shuga kaya wa aspartame, lilime lake limazolowera. Mumpatse papaya, akuti sakukoma. Mumpatse madzi, akuti ndi a zii. Ife tinali ndi mwayi umene sitinkaudziwa: malilime athu anakula akudziwa kukoma kwa chinangwa chootcha, kwa mbatata, kwa bwemba wowawasa, ndipo n'chifukwa chake botolo la pa Khirisimasi linkatikomera chomwecho.

Ngakhale thobwa lenilenilo talisintha. Lilipo ndithu, m'misika ndi m'madepoti, m'mabotolo a pulasitiki amene munali kale zakumwa zina, ndipo likudyetsa mabanja ambiri. Koma ogulitsa ambiri amathira shuga wochuluka, chifukwa akapanda kutero ogula amati ndi la zii. Mayi wina wogulitsa anandiuza kuti, "Achimwene, la chimera chokha limatsala. Anthu a masiku ano amafuna lotsekemera." Sindinamuimbe mlandu, akutsatira msika. Chimene chinandikhudza n'chakuti kutsekemera kumene kunkakwanira agogo ndi anthu onse a pa dima, lero sikukumveka n'komwe pakamwa pathu. Amene amaphika lawo kunyumba angathe kubwerera ku la chimera chokha, ndipo lilime limabwerera pakapita milungu yochepa, monga amachitira umboni anthu amene anasiya kuthira shuga mu tiyi. Angokumbukira kuti kwa munthu wokhala pampando tsiku lonse, ndiponso kwa wodwala shuga, thobwa ndi chakudya chofunika kuchiwerengera, osati chophera ludzu.

Chinanso n'chakuti ambiri tikumwa timankhwala totsekemeretsati osadziwa. Mu April 2018, dziko la South Africa linayamba kudula msonkho pa zakumwa za shuga, masenti 2.1 pa galamu iliyonse yopitirira magalamu 4 pa mamililita 100, ndipo Britain inayamba wake mwezi womwewo. Makampani ambiri anachepetsa shuga n'kuthiramo aspartame, sucralose kapena acesulfame K kuti kukoma kusasinthe kwambiri. Katundu wambiri wa m'masitolo athu amachokera ku South Africa komweko. Zakumwa zina zotsika mtengo, majuwisi osungunula ndi maheu ena a m'mabotolo nazonso zimasakaniza shuga ndi timankhwalati, popeza n'totchipa kuposa shuga. Choncho mayi amene amakana Zero poopa mankhwala angathe kukhala akumwetsa mwana wake zomwezo m'kabotolo ka kusukulu.

Zonsezi zimalembedwa pabotolo, koma m'Chingerezi, m'timalemba tofuna magalasi, ndiponso m'magalamu pa mamililita 100, masamu amene palibe amawachita ataima pawindo la minibasi. Ndikanakonda a Malawi Bureau of Standards ndi Unduna wa Zaumoyo atalamula kuti kutsogolo kwa botolo lililonse logulitsidwa m'dziko muno kuzilembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, m'malemba akuluakulu, kuti muli masupuni angati a shuga, ndiponso ngati muli zotsekemeretsa zina. Azakhali anga amatha kuwerenga masupuni, ndipo mnyamata wa kabaza nayenso amatha.